Ozinda Nkhunzi a ku Spain ndi Magazi Amene Sitiwaona

M'chaka cha 1816, mumzinda wa Madrid, bambo wina wa zaka 70 amene makutu ake anali atagontha kalekale anatulutsa zithunzi 33 za anthu olimbana ndi ng'ombe. Bamboyo anali Francisco de Goya, katswiri wojambula amene dziko la Spain limamunyadira mpaka lero, ndipo zithunzizo zimadziwika ndi dzina loti La Tauromaquia. Zambiri mwa izo munthu wamtima wofewa sangaziyang'ane kawiri: akavalo ong'ambika mimba, ng'ombe zobayidwa mikondo, munthu atapachikika pa nyanga ngati chisanza.

Koma chithunzi cha nambala 20 n'chosiyana. Mwamuna wina dzina lake Juanito Apiñani ali m'malere. Wazika ndodo yaitali mumchenga, wadzikoka nayo, thupi lonse lili lende m'mwamba. Pansi pake nkhunzi, ng'ombe yamphongo yolusa, ikudutsa ndi liwiro itaweramitsa mutu. Apiñani alibe lupanga, alibe mkondo, alibenso nsalu yofiira ija timaiona m'mafilimu. Ali ndi ndodo ndi miyendo yake basi.

Zimene ankachita Apiñani zilipo mpaka lero. Anthu a ku Spain amazitcha recortes, ochita ake amawatcha recortadores. Mawuwa amachokera ku liwu lotanthauza kudula, chifukwa munthu amaidulira njira nkhunziyo. Ife tingangoti kuzinda, monga momwe atsikana amazindira mpira pa fulaye, kungoti apa mpira wake uli ndi nyanga ziwiri ndipo umalemera makilogalamu 500 kapena kuposa. Ngati mumakonda kutokosa foni usiku tulo tikasowa, mwina munaonapo kale timavidiyo take: anyamata ovala mathalauza oyera ndi nsapato zothamangira akupidiguka pamwamba pa chilombo. Otumiza timavidiyoto amakonda kulemba kuti awa ndi masewero a ng'ombe opanda magazi, ndipo ena amaganiza kuti ndi zamakono, zopangidwa pofuna kutseka pakamwa omenyera ufulu wa zinyama. Ine ndikuti ayi. Kuzinda n'kwakale, kunathamangitsidwa m'mabwalo akuluakulu kenako n'kubwereranso. Ndipo mawu oti "opanda magazi" aja ndi oona theka lokha.

Mmene zimakhalira pabwalo

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi mwambo wotchuka uja, umene amautcha corrida. Pa corrida pamakhala nkhunzi 6 ndi akatswiri atatu, aliyense n'kupha ziwiri. Nkhunzi ikalowa, munthu wokwera kavalo amaibaya ndi mkondo pakhosi kuti mutu wake utsike. Ena amabwera n'kuibaya timikondo tokongoletsedwa ndi mapepala pamsana. Pomaliza katswiri wamkulu, matador, amaiseweretsa ndi nsalu yofiira n'kuimaliza ndi lupanga. Zonsezi zimatenga mphindi pafupifupi 20 pa ng'ombe imodzi.

Pa mpikisano wa ozinda zonsezi palibe. Anyamata amalowa pabwalo m'timagulu, kawirikawiri atatu kapena anayi, chimanjamanja. Chitseko chikatsegulidwa, nkhunzi imatuluka ili ndi mphamvu zake zonse, ndipo palibe amene aifooketse. Aliyense amaiputa payekha, anzake akuyang'anira kuti akagwa aisokoneze. Oweruza amapereka mapointi poona kuti munthu waiyandikira motani, wadekha bwanji, ndipo wachoka mwaulemu kapena mothawa.

Njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Yoyamba ndi recorte yeniyeniyo: munthu amaitana nkhunzi ali patali, ikayamba kuthamanga iyenso amathamanga mozungulira kuti akakumane nayo, ndiye pokumanapo amapinda msana, manja m'mwamba, nyanga n'kudutsa pafupi ndi malaya. Chinsinsi chake n'chakuti chinyama chachitali ndi cholemera chotere sichingakhote pamalo ochepa. Munthu akangolowa m'kati mwa njira yake yokhotera, wapulumuka. Yachiwiri ndi quiebro, ndipo iyi ndiye imandiimitsa mtima. Munthu sathamanga. Amaima chilili, kapena kugwada kumene, n'kudikira. Nkhunzi ikafika pafupi amapendekera mbali imodzi ngati akupita kumeneko, iyo n'kutsatira, iye n'kubwerera pamene anali. Akafulumira pang'ono, nkhunzi imaona bodzalo n'kukonza njira. Akachedwa pang'ono, nkhani yake ikakambidwa kuchipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu anatero. Yachitatu ndi kulumpha: ndi ndodo ngati Apiñani, kapena chimanjamanja, manja otambasula ngati mbalame, kapena kupidiguka m'malere.

Ku Aragón ndi ku Navarra kulinso mpikisano wina woti anyamata awiriawiri amalimbana kuveka timphete pa nyanga za ng'ombe zazikazi zolusa, nthawi yoikika isanathe. Ndipo masiku ano atsikana nawonso amalowa pabwalo n'kuzinda.

Kanthu kena koti mudziwe: nkhunzi sichita ukali chifukwa cha mtundu wofiira. Maso a ng'ombe sausiyanitsa mtundu umenewu monga timachitira ife. Chimene imathamangira ndi chinthu choyenda. Pa corrida chinthu choyendacho ndi nsalu. Pa recortes nsalu yake ndi thupi la munthu.

Zinachokera kuti?

Okonda masewerowa akamafotokoza mbiri yawo amakonda kuyambira ku chilumba cha Crete, ku Greece. Kumeneko, pamalo otchedwa Knossos pamene Arthur Evans wa ku Britain anayamba kufukula mu 1900, panapezeka chithunzi chapakhoma cha zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, choonetsa munthu akupidiguka pamsana pa nkhunzi. Chithunzicho chilipodi, chimasungidwa mumzinda wa Heraklion. Koma ulusi wolumikiza Crete wakaleyo ndi midzi ya ku Spain palibe amene anaupeza. Ine ndimaona kuti nkhani yake ndi yophweka: kulikonse kumene kuli ng'ombe zolusa ndi anyamata ofuna kuonetsa chamuna, wina adzayesa kulumpha. Kumwera chakumadzulo kwa France alinso ndi zawo zofanana nazo, zotchedwa course landaise, zozinda ndi kulumpha ng'ombe zazikazi popanda kupha.

Mbiri yolembedwa bwino ya ku Spain imationetsa anthu a magulu awiri pabwalo limodzi. Kwa zaka mazana ambiri, kulimbana ndi nkhunzi pa zikondwerero zazikulu, monga ukwati wa mfumu kapena kubadwa kwa mwana wake, inali ntchito ya mabwana a m'mabanja olemekezeka. Ankakwera akavalo atanyamula mikondo. Anthu wamba analipo, koma ngati antchito: kuyenda pansi, kukokera nkhunzi kufupi ndi bwana, kuisokoneza bwana akagwa. Kumidzi nako anthu anali ndi zikondwerero zawo za oyera mtima, pamene ankathamangitsa ng'ombe m'misewu n'kumazizinda popanda malamulo ambiri.

Otsutsa analipo kuyambira kale. Mu 1567 Papa Pius V analamula kuti masewero a ng'ombe athe. Anati wolamulira wowalola achotsedwe mumpingo, ndipo munthu wofera pabwalo asaikidwe mwachikhristu. Taonani bwino apa: nkhawa yaikulu ya Papa inali moyo ndi mzimu wa munthu wodziika pangozi mwadala. Za ululu wa ng'ombe zinabwera pambuyo pake. Mfumu Felipe II ya Spain sinalikakamize lamulolo m'dziko lake, ndipo apapa otsatira analifewetsa.

Chimene Papa analephera, kusintha kwa ufumu kunachita mbali ina. Mu 1700 mpando wachifumu unapita kwa Felipe V, amene anabadwira ndi kukulira ku France, ndipo za ng'ombe sizinkamusangalatsa. Mabwana ofuna kukondedwa kunyumba yachifumu anayamba kutsika pa akavalo n'kukakhala m'mipando ya oonerera. Bwalo linatsala m'manja mwa antchito aja. Oyenda pansi, amene dzulo anali ongothandiza, anasanduka eni masewero.

Miyendo ya kumpoto, manja a kumwera

Apa ndi pamene nkhani imakoma. Anthu wamba atatenga bwalo, sanagwirizane kuti masewerowa azikhala otani. Panali njira ziwiri.

Ya kumpoto, ya ku Navarra, La Rioja ndi Aragón, inali ya miyendo. Kuthamanga, kuzinda, kulumpha, ndi kuchita zinthu zoti oonerera agwire pakamwa. Goya anabadwira kumeneko mu 1746, m'mudzi wa Fuendetodos pafupi ndi Zaragoza, ndiye anthu amenewa ankawadziwa. Apiñani uja anali wa ku Calahorra, ku La Rioja. M'zithunzi zomwezo muli munthu wina wa m'tauni ya Falces ku Navarra, amene ankadzifunditsa chovala chake n'kumazinda nkhunzi pongogwedeza thupi. Mulinso Martincho, amene misala yake inali ya mtundu wina. Pa chithunzi china wakhala pampando, miyendo itamangidwa ndi maunyolo, chipewa kudzanja lina lupanga kudzanja lina, akudikira nkhunzi. Pa china waima patebulo, miyendo ili chimangire, akukonzekera kuilumpha. Mutu wa chithunzicho umazitcha misala.

Onani kuti Martincho ali ndi lupanga. Anthu akumpotowa sanali oyera mtima okana kupha. Ng'ombe zinkafa ndithu. Kungoti chimene anthu ankalipirira ndalama zawo kudzaona chinali luso la thupi la munthu.

Njira ya kumwera, ya ku Andalucía, inali ya manja. Kumeneko, makamaka ku Ronda ndi ku Seville, akatswiri anakonza dongosolo loti chilichonse chochitika pabwalo chizikonzekeretsa nkhunzi imfa yake. Banja la Romero ku Ronda, kuyambira gogo Francisco mpaka mdzukulu wake Pedro Romero, linatchukitsa kupha ndi lupanga utayang'anizana ndi nkhunzi, nsalu ili kudzanja lamanzere. Mu 1796 katswiri wa ku Seville wotchedwa Pepe-Hillo anatulutsa buku la malamulo a lusoli. Zaka zisanu zokha pambuyo pake, mu 1801, nkhunzi inamupha pabwalo la ku Madrid, ndipo imfa yakeyo ndi imene imatseka zithunzi 33 za Goya. Mu 1836 Francisco Montes, wodziwika kuti Paquiro, anatulutsa buku lina limene linakhazikitsa dongosolo la corrida pafupifupi monga lilili lero.

Amene walemba malamulo ndiye wapambana. Paquiro mwiniwake ankadziwa kulumpha ndi ndodo, ndipo kulumphako kunapitirirabe kuoneka pa corrida kwa zaka zambiri ndithu, koma ngati zokometsera chabe, ndiwo zapambali. Pang'ono ndi pang'ono zinayamba kuoneka ngati zachibwana. Msomali womaliza anaukhoma ndi Juan Belmonte m'zaka za m'ma 1910. Iyeyu miyendo yake inali yofooka, sankatha kuthamanga ngati anzake, ndiye anasandutsa chofooka chakecho kukhala luso: kuima nji pamalo amodzi n'kumayendetsa nkhunzi ndi nsalu. Kuyambira pamenepo, katswiri weniweni anakhala amene sasuntha mapazi. Wothamanga ndi wolumpha analibenso malo pabwalo la ulemu.

Kumudzi sizinafe

Zinthu zikathamangitsidwa m'tauni zimakabisala kumudzi. M'midzi ya ku Navarra, Aragón, La Rioja, Castilla ndi Valencia, chikondwerero cha chaka ndi chaka sichinkatha popanda ng'ombe m'misewu kapena pabwalo lotchingidwa ndi ngolo ndi mitengo. Mnyamata wa kumunda analibe ndalama zogulira zovala zonyezimira za matador, analibe womuphunzitsa, analibe bwana womulipirira. Koma miyendo anali nayo. Luso la Apiñani linasungidwa ndi anthu amene mayina awo sanalembedwe paliponse, mwana kuonera kwa mkulu wake, mkulu wake kuonera kwa malume.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, zinthu zakumudzizi zinayamba kukonzedwa kukhala mipikisano yokhala ndi oweruza, mphoto ndi matikiti. Tauni ya Medina del Campo, m'chigawo cha Valladolid, ndi imodzi mwa zodziwika ndi mpikisano wotere. Lero ozinda amalowa m'mabwalo omwe aja anathamangitsidwamo agogo awo: ku Valencia pa chikondwerero cha Fallas mu Malichi, ku Pamplona pa San Fermín mu Julayi, ku Zaragoza mu Okutobala, ngakhalenso ku Las Ventas ku Madrid, bwalo lolowa anthu pafupifupi 23,000 limene okonda corrida amalitenga ngati likulu lawo. Ambiri mwa anyamatawa ali ndi ntchito zina zimene amadyera. Ndalama zawo sizifika n'komwe pa za matador wotchuka, koma nyanga zake n'zomwezo. Amavulala, ena amalumala, ena amafa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Kubwerera kwawo kwakumana ndi nthawi imene dziko la Spain likukangana lokha za magazi. Mkanganowu unayamba kale. Mu 1928 boma linalamula kuti akavalo a pa corrida azivekedwa chotchinga chochindikala, chifukwa anthu anali atatopa kuona matumbo a akavalo pamchenga. Mu 2010 nyumba ya malamulo ya chigawo cha Catalonia inaletsa corrida, ndipo yomaliza mumzinda wa Barcelona inachitika mu Seputembala 2011. Koma aphungu omwewo, patangopita miyezi iwiri chivotereni, anateteza mwalamulo zikondwerero zakumidzi zothamangitsa ng'ombe. Mu 2013 boma la dziko lonse linakhazikitsa lamulo lonena kuti masewero a ng'ombe ndi chuma cha chikhalidwe cha Spain, ndipo mu 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa chiletso cha Catalonia chija. Zilumba za Balearic zinayesa njira ina mu 2017, yoti corrida izichitika koma nkhunzi isabayidwe kapena kuphedwa. Khoti lomwelo linagwetsa mbali zikuluzikulu za lamulolo chaka chotsatira.

Pakati pa kukokanakokana kumeneku, ozinda amaoneka ngati yankho lokondweretsa aliyense. Wofuna mwambo, mwambo ulipo, wakalenso. Wofuna mantha ndi chamuna, zilipo zodzaza. Wodana ndi magazi, mchenga uli mbee.

Kuseri kwa chitseko

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpikisano ukatha, nkhunzi imatuluka pabwalo ikuyenda yokha, anthu akuwomba m'manja. Funso n'lakuti: ikupita kuti?

Nkhunzi ndi nyama yophunzira msanga. Ikazindidwa kangapo imayamba kuzindikira kuti munthu akapendekera kumanja abwerera kumanzere. Imasiya kuthamangira bodza n'kuyamba kudikira munthu. N'chifukwa chake pa corrida amafuna nkhunzi imene sinakumanepo ndi munthu woyenda pansi pabwalo, ndipo pa mipikisano ikuluikulu ya ozinda amakondanso zoterozo. Nkhunzi imene yasewera kale ndi yoopsa kwambiri. Malamulo a dziko lonse a mu 1996 amanena kuti ng'ombe zogwiritsidwa ntchito pa zikondwerero za anthu wamba ziziphedwa zikondwererozo zikatha, anthu asakuona. Zigawo zili ndi mphamvu yopanga malamulo awoawo, ndipo m'madera monga Valencia, Navarra ndi Aragón ng'ombe zambiri zimabwerera kukhola n'kudzaseweranso kwa zaka. Koma m'madera ena ambiri, ulendo wochoka pabwalo umakathera kophera nyama.

Zobwerera kukholazo nazo zili ndi nkhani yake. Ku Valencia kunali nkhunzi ina yotchedwa Ratón, kutanthauza mbewa, imene inasewera m'midzi kwa zaka zambiri, inaphunzira anthu mpaka kuwapha pabwalo. Kutchuka kwake kunakula chifukwa cha imfazo, ndipo midzi inkalipira ndalama zambiri kuti ibwere pa chikondwerero chawo. Inafa mu 2013 osaphedwa ndi lupanga la munthu. Ndiye mukamva kuti masewero opanda magazi, dzifunseni kuti magazi a ndani.

Nanga ine ndaima pati? Ndikaika ziwirizi pasikelo, ndimasankha ozinda, ndipo sindichita manyazi kutero. Kusiyana kwake si kwa mawu chabe. Nyama imene yathamanga mphindi zingapo n'kutuluka khungu lake lili losabooka siifanana ndi imene yabayidwa pang'onopang'ono kwa mphindi 20 pamaso pa anthu. Ndimalemekezanso chilungamo chake: munthu amene wasankha yekha kulowa pabwalo ndi amene amanyamula ngozi yaikulu, ndipo salola kuti wina amufooketsere mdani asanakumane naye. Pa corrida munthu amathanso kufa, monga anafera Víctor Barrio ku Teruel mu 2016, koma kumeneko imfa ya ng'ombe ndiyo pulogalamu, ya munthu ndi ngozi.

Komabe nkhunzi sinafunsidwe. Imanyamulidwa pagalimoto, imatsekeredwa, imatulutsidwa pakati pa phokoso la anthu zikwizikwi, ndipo zimene ife timazitcha ukali mwina mbali ina ndi mantha. Omenyera ufulu wa zinyama ku Spain amatsutsa ndi recortes yomwe pa zifukwa zimenezi, ndipo sindinganene kuti akulakwitsa.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi ifeyo oonerera. Ine nyama ndimadya, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa inu mumadya. Ng'ombe imene timaigula pa kilogalamu sinafe ndi ukalamba. Ndiye tikamanyansidwa ndi lupanga la matador koma n'kumasangalala ndi kavidiyo ka wozinda, chikutipweteka n'chiyani kwenikweni, kuti nyama yafa, kuti yazunzika, kapena kuti atikakamiza kuona? Mayankho atatuwa ndi osiyana, ndipo lililonse limatifunsa zosiyana. Ngati vuto ndi kuzunzika, ozinda achotsapo gawo lalikulu ndipo ayenera kuyamikiridwa. Ngati vuto ndi imfa, m'madera ambiri angoisuntha mamita ochepa, kuichotsa pamchenga n'kuiika kuseri kwa khoma. Ngati vuto ndi maso athu okha, ndiye kuti tikudzimvera chisoni tokha, osati ng'ombe.

Mu 1567 Papa ankadera nkhawa mzimu wa munthu. Mu 1928 boma linadera nkhawa kavalo. Mbadwo uno wafika pa nkhunzi, ndipo mkangano wake sunathe. Tsiku lina kavidiyo koteroko kakadzadutsanso pa foni yanu, kaoneni ndithu, luso lake n'loona ndipo lasungidwa movutikira kwa zaka mazana. Koma kavidiyoko kamathera pamene mnyamata watera pansi n'kukweza manja. Nkhunzi imakhala ikadali ndi ulendo wopita ku chitseko chija, ndipo kumeneko kamera siifika.